Phazi la a Dalaivala Lilibe Mlandu

Zaka makumi awiri ndi zitatu a Dalaivala anayendetsa galimoto imodzimodzi, ya banja limodzimodzi, ndipo pa zaka zonsezo sanagundepo ngakhale nkhuku. Galimotoyo inali ya otomatiki, yosintha yokha magiya, yaitali, yotuwa, ya mipando yachikopa imene inali itayamba kung'aluka ngati zidendene. Anaigula ndi malemu bwana. Iwo atamwalira, akazi awo, amene aliyense pakhomopo ankangowatchula kuti Mayi, anakana kwamtuwagalu kuti igulitsidwe. Choncho galimoto inakalamba, Mayi anakalamba, a Dalaivala nawonso imvi zinayamba kutulukira m'mphepete mwa chipewa, ndipo atatuwa ankamvana bwino.

Kutentha kutangoyamba chaka chimenecho, galimoto ija inayamba khalidwe lachilendo. Ikanyamuka pa maloboti inkakakamira giya yoyamba, injini ikulira ngati yakanyangidwa pakhosi, ndiye kenako n'kulowa yachiwiri mwankhanza, khu, mpaka mitu kugwedera. Kwa munthu wabwinobwino zimenezo n'zongokwiyitsa. Koma Mayi anali atangochitidwa opaleshoni ya m'chiuno, ndipo kugwedeza kulikonse kunkawafika pafupa. Sankadandaula. A Dalaivala ankangowaona pagalasi loonera kumbuyo akutsinzina, akuluma mlomo, dzanja litagwiritsitsa chitseko. Zimenezo zinkawapweteka kuposa kutukwanidwa.

Katatu konse anapita nayo kugalaja. Makaniko wake anali mwamuna wamfupi, wodzidalira, amene anzake ankamutcha Khutu chifukwa ankadzitama kuti matenda a galimoto amawamva isanalowe n'komwe pageti. Anasintha oyilo wa giyabokosi, anasintha sefa, anakoka apa n'kumanga apo. Ulendo uliwonse ankaiyesa yekha pamsewu, ndipo galimotoyo, mwano wake, inkasintha magiya mofewa ngati yatsopano.

"Madala, galimoto iyi ilibe vuto," anatero Khutu ulendo wachitatu, akupukuta manja. "Ikanakhala nalo bwenzi nditalimva. Ine sindigontha."

Chowawa chinali chakuti a Dalaivala sakanatha kumutsutsa. Nawonso akamabwera nayo kugalajako ali okha inkayenda bwinobwino. Inkangodikira kuti Mayi akwere. Wophika wa pakhomopo, mayi wa pakamwa posatseka, anati mwina galimotoyo yatopa ndi mwini wake, ndipo anaseka yekha mpaka kutsamwa.

Amene sanaseke anali mwana wa Mayi, Bwana wamng'ono. A Dalaivala anamunyamulapo kupita naye kusukulu akadali ndi mamina, ndipo pampando wakumbuyo womwewo anasanzapo kangapo. Tsopano anali bambo wa ndevu, mkulu wa ofesi ina m'tauni, wozolowera kuti nkhani iliyonse izitha asanamalize kapu ya tiyi. Amayi ake ankawakonda, zimenezo tisamunamizire. Tsiku lina anatenga galimotoyo n'kuizunguliza yekha kawiri, osamva kanthu. Atabwerako anapeza a Dalaivala ali kukhitchini, pamodzi ndi wophika ndi mlonda wapageti, ndipo sanavutike n'kuwaitanira pambali.

"Makaniko akaiyendetsa, ilibe vuto. Ine ndaiyendetsa, ilibe vuto. Mukaiyendetsa inu, amayi akubwera akulira. Ndiye vuto lili pati?"

"Inenso ndikakhala ndekha imayenda bwino, bwana."

"Mukakhala nokha amakuonani ndani? Madala, tisabisane. Phazi lanu latha. Likunjenjemera pa mafuta, n'chifukwa chake magiya akusokonekera. Si mlandu, ndi ukalamba. Mwezi uno ukatha mukapume, ndipeza wina."

Wophika anayang'ana m'poto. Mlonda anayamba kuwerenga zolemba za pa paketi ya shuga ngati mayeso. A Dalaivala anatsegula pakamwa, koma Bwana wamng'ono anali atayamba kale kuyankha foni.

Madzulo amenewo anafika kwawo dzuwa lisanalowe, n'kukhala pakhonde. Anavula nsapato yakumanja ndi sokosi yomwe, natambasula mwendo m'mwamba, n'kuyamba kuliyang'anitsitsa phazilo. Ankachita mantha, ndipo mantha ake sanali a ntchito yokha. Nanga ngati mwana uja akunena zoona? Munthu sadzimva fungo lake. Mwina phazi lakhala likunjenjemera miyezi yonseyi, iwo n'kumanamizira chitsulo chosalakwa, kwinaku akupweteka mayi amene anawasunga zaka zonsezi. Analigwira m'mwamba choncho mpaka ntchafu inayamba kuwawa. Phazi linali zii, osagwedera ngakhale chala.

Akazi awo anatulukira ndi beseni la zovala, naima.

"Bambo ake, phazilo mukuliyeza kuti muligulitse?"

Anawafotokozera zonse. Akazi awowo anatula beseni pansi, n'kufunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye inu munati chiyani?"

"Palibe."

"Palibe? Mwana woti munkamupukuta kukamwa akunyozeni pamaso pa wophika, inu palibe? Ntchitoyo ndi yawo, angaitenge. Koma mukachoka ndi dzina limeneli, mawa mlonda auza mlonda mnzake, mkuja msewu wonse udziwa, ndipo palibe adzakupatseni ngakhale wilibala kuti mukankhe."

M'mawa mwake a Dalaivala anadikira Bwana wamng'ono pageti. Anavala yunifolomu yosita, nsapato zikuwala, ndipo anaima pakati penipeni pa njira moti galimoto ya bwanayo inachita kuima.

"Bwana, ndikupempha ulendo umodzi. Inu, makaniko ndi ine, tonse m'galimoto imodzi."

"Madala, nkhani ija inatha."

"Kwa inu inatha. Kwa ine sinayambe. Kundichotsa mungandichotse, sindikakamira. Koma sindichoka ndi bodza pamsana. Phazi langa lilibe mlandu, ndipo ndikufuna mudzaone ndi maso anu."

"Nanga tikapita n'kukapezeka kuti galimoto ili bwino?"

"Ndidzachoka tsiku lomwelo, osadikira kutha kwa mwezi."

Bwana wamng'ono anayang'ana wotchi, n'kuvomera Loweruka masana. Anavomera kuti munthu achoke panjira, osati chifukwa chokhulupirira.

Loweruka dzuwa linatentha ngati lili ndi mangawa ndi anthu. Kugalaja, Khutu anawalandira ndi nkhope ya munthu amene akufunsidwa funso lomwelo kachinayi. Anakhala pachiwongolero, Bwana wamng'ono anakhala pambali pake, ndipo a Dalaivala anauzidwa kuti akhale kumbuyo. Pa zaka zonse zija mpando umenewo anali ataupukuta kambirimbiri, koma anali asanaukhalepo. Anakhala mowuma, mawondo pamodzi, ngati mlendo pabalaza pa eni ake.

Khutu anatsitsa magalasi onse, n'kutulutsa chigongono pawindo, mutu utapendekera kunja. Ananyamuka. Yoyamba, yachiwiri, yachitatu, magiya ankalowa mwaulemu, osamveka n'komwe. Anadutsa maloboti awiri, anakwera kachitunda ka kuseri kwa msika, anatsika. Palibe chinachitika.

"Mwamva, bwana?" anatero Khutu. "Ngati batala."

Bwana wamng'ono sanacheuke. Anangoti, "Madala, ndikuganiza kuti taona."

A Dalaivala anapukuta thukuta kumaso. Basi, zatha. Anayang'ana panja kuti anthu awiriwo asawaone nkhope. Lole ina inawadutsa, n'kuwathira utsi ndi fumbi m'maso. Mpando wachikopa unkawotcha msana kudzera m'malaya. Pakati pa chisoni chonsecho, mtima wawo wa ntchito unakwiya pawokha: anthu awa, kuyendetsa kwanji kumeneku? Mayi sangakhale muno ngakhale mphindi imodzi. Mayi akamakwera, iwo amatseka magalasi onse, n'kuyatsiratu eyakoni, makina ozizitsa mpweya aja, kuti pofika mwini wake mpando ukhale utazizira.

Pamenepo m'mutu mwawo munawala kuti ngwee.

Mayi akakwera, eyakoni imayaka. Iwo akakhala okha saiyatsa, chifukwa malemu bwana anawaphunzitsa kalekale kuti mphepo yozizira ndi ya okwera, ndiponso imawapatsa chimfine. Bwana wamng'ono tsiku lija anabwera magalasi ali otsitsa. Ndipo miyezi yonse yozizira, pamene eyakoni inkangogona, galimoto sinavutepo.

"Khutu, tseka magalasi," anatero. "Yatsa eyakoni."

Khutu anaseka. "Madala, ife poyesa galimoto sititseka magalasi. Ndimva bwanji injini ndili m'botolo? Makaniko aliyense akuuzani zomwezo. Magalasi pansi, wailesi yozima, eyakoni yozima, khutu panja. Ndi mmene timagwirira ntchito."

"N'chifukwa chake mwailephera katatu. Mumayesa galimoto ya makaniko. Ine ndikufuna muyese galimoto ya Mayi."

"Eyakoni ndi giyabokosi chibale chake chinayamba liti? Ina ndi ya mphepo, ina ndi ya magiya. Kapena munthu akamva mutu mumam'manga bandeji pabondo?"

"Madala," anatero Bwana wamng'ono motopa, "tinapangana. Musayambe kusakasaka zifukwa. Khutu, tembenuka."

"Tembenukani," anatero a Dalaivala, mawu awo osakwera koma olimba. "Mukafika kugalaja mudzachita kundinyamula, chifukwa muno sinditsika mpaka kabatani ka eyakoni katapotokoledwa. Mwandipatsa ulendo umodzi, ndipo sunathe. Mukuopa chiyani? Ngati ndikunama, mutaya mphindi ziwiri zokha. Ine ndikutaya zaka makumi awiri ndi zitatu."

Kenako Bwana wamng'ono, ndi mkwiyo wa munthu amene akufuna kuti mkangano uthe, anatambasula dzanja n'kupotokola kabatani kaja yekha. Magalasi anakwera. Mphepo yozizira inayamba kutuluka. Patsogolo maloboti anali ofiira, ndipo anaima kumbuyo kwa minibasi.

Atabiriwira, Khutu anaponda mafuta. Injini inakwera, n'kukwera, n'kukwerabe. Inalira mpaka munthu wina wapanjinga anacheuka. Giya yachiwiri osabwera. Khutu anayang'ana phazi lake ngati lamupandukira. Ndiyeno khu! Foni ya Bwana wamng'ono inalumpha pamwendo n'kukagwera pansi pa mpando.

A Dalaivala anangopinda manja pachifuwa. Kukoma kwa chigwedezo chimenecho sadzakuiwala, ngakhale khosi linawawa.

"Mwina zangochitika," anatero Khutu, mawu atachepa.

"Zimitsa uyesenso," anatero a Dalaivala.

Anazimitsa, n'kuima pambali, n'kunyamukanso. Batala. Anayatsa, n'kunyamukanso. Khu.

"Bwana," anatero a Dalaivala mwaulemu wonse, "phazi la Khutu nalonso mwina lakalamba. Tayesani lanu."

Bwana wamng'ono akanatha kukana, koma manyazi ena amakankha munthu kutsogolo. Anasinthana malo ndi Khutu, namanga lamba, nanyamuka mosamala kwambiri ngati wanyamula mazira. Galimoto sinasamale kuti ndi mwana wa mwini wake. Inalira momwemo, inachedwa momwemo, ndipo inamugwedeza mpaka mano kugundana. Anayendetsa kubwerera kugalaja.

Atafika, Khutu anatsegula boneti n'kuyamba kulankhula mofulumira, monga amachitira munthu wogwidwa. Anati ndiye kuti makina a eyakoni auma, akulemetsa injini, afunika kuchotsa onse n'kuika ena. A Dalaivala anapukusa mutu. Iwo sanali makaniko, koma galimoto imeneyi ankaidziwa kupuma kwake.

"Ikanalemedwa bwenzi ikufooka. Iyi sikufooka, mphamvu ili nazo. Ikungochedwa kuganiza. Usathamangire kumasula zinthu. Amakutcha Khutu, si choncho? Lowa m'kati, tseka zitseko, tsitsa fani, umvere kumene sunamverepo."

Khutu anawayang'ana, akufuna kukwiya, koma chidwi cha ntchito chinaposa mkwiyo. Analowa, n'kugona chagada pansi pa chiwongolero, miyendo ili pampando. Injini inkalira pang'onopang'ono. Anayatsa eyakoni, anazimitsa, anayatsanso. Kenako anakweza chala chimodzi m'mwamba kuti anthu asapume.

"Pali kamluzu," anatero. "Kakuti tsiii. Ndikazimitsa kakusiya."

Analowetsa dzanja kuseri kwa dashibodi mpaka m'phewa, akutukwana chapansipansi, n'kutulutsa nsonga ya kapaipi ka labala kakuda, kochepa ngati pensulo. Kanali kouma, kong'ambika chammbali. Anakatsatira ndi tochi, anatuluka, anakakapezanso mu injini, ndipo atafika pamene kanathera anakhala pa tayala lakale n'kuseka yekha, kuseka kwa munthu wodzimvera chisoni.

"Bwana, onani. Galimoto zakalezi zilibe kompyuta yoziuza zochita. Giyabokosi imadziwa nthawi yosintha giya pomvera mmene injini ikukokera mpweya, kudzera pa paipi iyi. Kukoka kukakhala kwamphamvu, imadziwa kuti msewu ndi wosalala, imasintha msanga. Kukafooka, imaganiza kuti tili pachitunda, imagwira giya. Ndiye kapaipi kang'ambikaka kamachokera pomwepa, kamapita kukatsegula timazenera ta mphepo ya eyakoni. Eyakoni ikazima, njira yake imatsekeka, palibe chotayika. Mukangoyatsa, mpweya umalowera pong'ambikapo, kukoka kumafooka, giyabokosi imaona phiri pamene palibe phiri."

Anadula kachidutswa ka paipi yatsopano kotalika ngati chala, n'kukalumikiza. Ntchito yonseyo sinathe mphindi khumi. Poyesa anapereka makiyi kwa a Dalaivala osauzidwa ndi munthu, iye n'kukakhala kumbuyo. Magalasi otseka, eyakoni ikupuma mpaka m'kati kuchita kuzizira, galimoto inanyamuka pa maloboti n'kusintha magiya ake atatu mofatsa.

"Galu wamkota sakandira pachabe," anatero Khutu potsika. "Madala, mwandiphunzitsa. Kuyambira lero ndiziyamba ndafunsa kuti mwini wake amakwera bwanji."

Panjira yobwerera kunyumba Bwana wamng'ono anali pafoni, akulemba zimene ankalembazo. Atalowa pageti, asanatsike, anayankhula akuyang'ana kutsogolo.

"Chabwino, madala. Zatha. Lolemba mubwere monga mwa nthawi zonse, amayi ali ndi ulendo wa kuchipatala."

Anthu ambiri akanathokoza pamenepo, ndipo sitikanawanena. Ntchito yabwerera, chinanso n'chiyani? Koma a Dalaivala anazimitsa injini, n'kutembenuka pampando.

"Sizinathe, bwana. Tiyeni kukhitchini."

"Kukhitchini kukatani?"

"Kumene munakasiya mawu anu. Akadali komweko."

Sanadikire yankho. Anatsika, anaitana mlonda, n'kulowa kukhitchini kumene wophika ankasenda anyezi. Anaima pamalo omwe anaima tsiku lija, pafupi ndi firiji, chipewa chili m'manja. Ankadziwa kuti akupala moto, ndipo ntchito imene yangobwerayo ingathe kuthawanso pakhomo lomweli. Koma sanasunthe.

Bwana wamng'ono anafika pakhomo nkhope itatupa. "Madala, musapitirire malire. Ndati ntchito yanu ilipo. Mukufunanso chiyani?"

"Munandichotsa pamaso pa anthu awa. Mwandibwezera m'galimoto, magalasi ali otseka. Iwowa akudziwa kuti ndine nkhalamba yonjenjemera imene ikupweteka Mayi. Ndikabwera Lolemba aziti mwandimvera chisoni. Ine chisoni sindichifuna. Muwauze zimene mwaona."

"Ndikapanda kutero?"

"Mupeze wina wa Lolembayo."

Wophika anali atasiya mpeni. Mlonda nthawi ino sanapeze chowerenga. Kenako m'khonde munamveka kugogoda kwa ndodo, pang'onopang'ono, ndipo Mayi anatulukira, atavala diresi ya m'nyumba, akutsamira khoma. Anali atamva zokwanira. Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Iwe, ndiye unachotsa dalaivala wanga osandifunsa?"

"Amayi, ndinkafuna kuti musamavutike."

"Ndikudziwa. Nanga vuto linali phazi lawo?"

"Ayi. Kanali kapaipi."

"Usauze ine. Ine sindinawakayikirepo. Uza amene unawauza poyamba."

Kwa kanthawi Bwana wamng'ono ankaoneka ngati atembenuka n'kutuluka. Kenako mapewa anagwa, ndipo anayang'ana wophika ndi mlonda.

"Ndinalakwitsa. Galimoto ndi imene inali ndi vuto, ndipo alipeza ndi iwowa, makaniko atalephera. Phazi lawo lilibe mlandu." Anatembenukira kwa a Dalaivala, mawu atatsika. "Pepani, madala."

A Dalaivala anagwedeza mutu kamodzi. Mkwiyo umene anayenda nawo sabata yonse unatsika, ndipo pamalo pake panatsala chisoni pang'ono, chifukwa ankadziwa kuti mwanayo walakwitsa chaka chokha. Tsiku limene ankanenalo lidzafika ndithu.

"Ndamva, bwana, ndipo Lolemba ndibwera. Koma mumve ichi. Phazi ili lidzatopa, silachitsulo. Tsiku limene lidzayambe kunjenjemera simudzachita kumva kwa makaniko kapena kwa wophika. Ndidzabwera ndekha kudzakuuzani. Mukuganiza kuti ine ndinganyamule amayi anu ndi phazi lodwala?"

Mayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kunena kuti anyeziwo ndi owawa. A Dalaivala anavala chipewa chawo, n'kutuluka kukaimika galimoto pamthunzi.